Feteleza wa SA asalowe m'dziwe momwe muli nsomba

Achimwene, mwafunsa ngati mungathire feteleza wa SA m'dziwe kuti madzi abiriwire, komanso ngati pali vuto kumuthira pamunda umene uli kumtunda kwa dziwelo. M'dziwe momwe muli kale nsomba, chonde musayerekeze. Kumunda kokha n'zotheka, bola kusamala.

SA, kapena kuti ammonium sulphate, ali ndi nayitrojeni 21 peresenti ndi salufa 24 peresenti. Akasungunuka m'madzi, nayitrojeniyo amakhala pawiri: wina ngati ammonium, amene savuta kwenikweni, wina ngati ammonia, amene amalowa m'magazi a nsomba kudzera mopumira mwake. Kuchuluka kwa ammonia kumatengera pH (muyeso wa asidi, womwe nambala yake imatsika asidi akachuluka) ndi kutentha kwa madzi. Madzi akakhala pa madigiri 25 ndipo pH ili 7, mbali yoopsayo sifika n'komwe 1 peresenti. Pa pH 8 imakhala pafupifupi 5 peresenti, koma pa pH 9 imadumphira pa 36 peresenti.

Tiyerekeze dziwe la mamita 20 m'litali, 10 m'lifupi, lakuya mita imodzi, lomwe limasunga malita 200,000. Kilogalamu imodzi yokha ya SA imaika nayitrojeni pafupifupi miligalamu imodzi pa lita iliyonse. M'mawa, pH ili pa 7, nsomba zimangosambira bwinobwino. Koma dziwe lobiriwira likaombedwa ndi dzuwa tsiku lonse, ndere zimakweza pH mpaka 9 kapena kupitirira, ndipo pofika chakumadzulo ammonia amayandikira mamiligalamu 0.4 pa lita. Kumbukirani kuti 0.05 yokha, ikakhalitsa, imawononga mopumira ndi kupinimbiritsa nsomba. Tiana ta nsomba ndi timene timayamba kufa. N'chifukwa chake kuyeza madzi m'mawa mokha kumanamiza. Yezani cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana.

Vuto silithera pomwepo. Mabakiteriya a m'madzi, monga Nitrosomonas ndi Nitrobacter, amasandutsa ammonium kukhala nitrite, kenako nitrate. Pa galamu iliyonse ya nayitrojeni amadya magalamu pafupifupi 4.6 a okosijeni, ndiye m'bandakucha mudzapeza nsomba zili pamwamba, zikuyasamula kukamwa. Ammonia akachuluka amafooketsa mabakiteriya omalizitsa ntchitowo, nitrite n'kuunjikana. Nitrite amalepheretsa magazi kunyamula okosijeni, moti mukatsegula mopumira mwa nsomba yodwala mumaona mwasanduka mofiirira ngati dothi m'malo mofiira bwino. Salufa uja naye akafika m'matope opanda mpweya amatulutsa hydrogen sulphide, mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, umene ndi poizoni kwa nsomba.

Ngati feteleza walowa kale, lekani kudyetsa nsomba masiku awiri kapena atatu, chifukwa chakudya chimawonjezera ammonia. Tulutsani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, makamaka a pansi, n'kulowetsa abwino akugwa kuchokera pamwamba kuti atenge mpweya. Mchere wamba umathandiza pa nitrite, pa mlingo wa magawo 10 a chloride (amene amapezeka mumcherewo) pa gawo limodzi la nitrite, koma suchotsa ammonia. Cholakwika chachikulu n'kuthamangira kuthira laimu wootcha kapena phulusa. Zimenezi zimakweza pH mwadzidzidzi, ndipo nsomba zimene zikanapulumuka zimatha.

Zakumunda tsono. Musamwaze SA pamwamba. Kwirirani pafupi ndi mbewu, ndipo musathire mvula yamphamvu ikamaoneka kuti ikubwera. Kumbani ngalande kumtunda kwa dziwe yopatutsa madzi othamanga, siyani udzu wothithikana pakati pa munda ndi dziwe. Matumba ndi ndowa zothirira musatsukire m'dziwe kapena mumtsinje, pakuti ngakhale mbululu sizipirira ammonium wambiri.

Nthaka nayo imamva kuwawa. Pa feteleza wa nayitrojeni amene alimi amagwiritsa ntchito kwambiri, SA ndi amene amawonjezera asidi koposa, pafupifupi katatu kuposa yuriya pa nayitrojeni wofanana. Kuti mubweze asidi wa makilogalamu 100 a SA, pamafunika makilogalamu pafupifupi 110 a laimu waulimi. Ku Rothamsted, ku England, pa kafukufuku wa pamunda wa udzu wotchedwa Park Grass amene anayamba mu 1856, zigawo zothiridwa SA chaka ndi chaka popanda laimu zinatsika pH kufika pansi pa 4. Nyongolotsi zinasowa, ndipo udzu wakufa unayamba kungounjikana pamwamba osawola. pH ikatsika pansi pa 5.5, ngakhale mabakiteriya a pa mizu ya nyemba ndi soya amene amakoka nayitrojeni mumpweya amayamba kufooka. Yezetsani nthaka zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, ndipo laimu muzithira padera, milungu ingapo SA asanalowe, chifukwa laimu ndi SA akakumana, nayitrojeni amathawira mumpweya.

Pa nkhani yobiriwitsa madzi, chitani zimenezo sabata imodzi kapena ziwiri musanaike nsomba, ndi manyowa owola bwino, pang'onopang'ono. Viikani mkono mpaka m'chigongono: chikhatho chikangosiya kuoneka pa masentimita pafupifupi 30, ndere zakwana, musawonjezerenso kanthu.