Laputopuyo musapite nayo kwa okonza, yambani mwalemba RE

Achimwene, imani kaye, laputopuyo musapite nayo kulikonse. Ndangoona chithunzi mwaikachi pofunsa chimene chavuta, ma circle a mu AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani ija, otuluka makona ndi mizere yopendekeka yooneka ngati mano a sowo, mtima wanga wauma pomwepo, chifukwa zimenezi zinandichititsa manyazi pamaso pa akuluakulu a mpingo mpaka ntchito kundipulumuka m'manja. Amene akukuuzani m'ma comment kuti ndi virus, kaya kuti ikani Windows yatsopano, musawamvere ngakhale pang'ono.

Ine inali pulani ya tchalitchi, khoma la kuguwa lokhota, mawindo a m'mwamba ozungulira. Ndikachita zoom khoma lija limaoneka lothyokathyoka. Wina anandilozera kwa mnyamata wokonza makompyuta m'tauni, wapakamwa potsekemera zedi. Fayiloyo sanaitsegule n'komwe. Anangoponya maso pa sikirini n'kunena kuti bwana iyi ndi virus, isiyeni mudzatenge mawa. Mawa lake ndikupeza wapukuta drive C yonse, momwe mumakhala Windows ndi mafayilo. Ma block, zojambula zokonzeratu zongolowetsa mu pulani, amene ndinasonkhanitsa zaka ndi zaka, zitseko, mawindo, masinki, ma template, mafonti, fayilo yanga ya CTB ya makulidwe a mizere, zonse fuu. Ndinali nditamuuza ndi pakamwa pangapa kuti mafayilo asawakhudze, iye akuti anaona ngati ofunika ndi a pa Desktop okha. Mapulani anapulumuka chifukwa anali pa flash. Ndalama analandira zonse, kupepesa ayi. Ndipo chopweteka kwambiri, driver ya graphics, kapulogalamu koyendetsa zooneka pa sikirini, sanaike. Windows inangodziikira ija yotchedwa Microsoft Basic Display Adapter, ndiye vuto limene linali pa zozungulira zokha linafalikira ku mzere uliwonse wopendekeka, denga lonse masitepe okhaokha.

Loweruka lake kunali kukaonetsa ku komiti ya zomangamanga. M'holo munali abusa, akulu a mpingo, amayi a chigwirizano, msungichuma ndi kabuku kake. Pulojekita yobwereka, yachikale, ya chingwe cha VGA. Nditangoilumikiza, sikirini ya laputopu inatsatira resolution ya pulojekitayo, zonse zinanenepa, mizere inachita kuphwanyika. Pulani itatuluka pakhoma kunakhala chete. Kenako mkulu wina wokalamba, amene anali kapitawo wa zomanga kale, anakweza ndodo yake n'kuloza kuguwa. Anati mwana wanga, ife tinapempha khoma lozungulira, ichi chamakonachi watiuza ndani? Ndinati ndi pa sikirini chabe bambo, papepala zimatuluka bwino. Anati tayandikitsa tione. Ndinachita zoom, manja ali njenjenje, makona aja ndi pamene anakula, windo lozungulira linasanduka la mbali zowerengeka ndi zala. Mayi wina kumbuyo anaseka mpaka kugwira pakamwa ndi chitenje. Msungichuma anatseka kabuku kake pang'onopang'ono, ndipo ndinadziwa kuti zatha. Thukuta linali kamukamu, shati yamamatira kumsana, abusa akuyesa kundithandiza kuti mwina makinawa atopa. Amene ananditsiriza ndi mkulu wina wa komitiyo, yemwe m'bale wake amafunanso ntchito yomweyi. Ananena mokweza kuti ngati munthu akulephera kujambula chinthu chozungulira pa kompyuta, nanga pa njerwa zidzatha bwanji. Anthu anavomera ndi mitu. Anandiuza kuti adzandiimbira. Mpaka lero foniyo sinalire, tchalitchicho anamanga ndi pulani ya m'bale wake uja, khoma la kuguwa lowongoka.

Ndiye mukudziwa chimene chinakonza? Mtsikana wina wophunzira za survey, amene amadzasindikiza mapepala pamalo pomwe ndimasindikizira, anangopempha kiyibodi, n'kulemba RE, n'kudina Enter. Khoma lonse linasalala ine ndikuona. Zilembo ziwiri. Mnyamata wokonza makompyuta uja ndikakumana naye pamsewu ndimawoloka.

Nkhani yake ili motere. AutoCAD sijambula circle yeniyeni pa sikirini, imaika timizere tifupitifupi towongoka kuti makina asalemedwe. Timizereto imatiwerengera molingana ndi zoom imene munali nayo nthawi yomwe inawerengera komaliza. Mukayandikira kwambiri timizere tomweto timangokula, makona n'kuonekera. RE, yomwe ndi REGEN mwachidule, imaiuza kuti iwerengerenso. Ngati muli pa layout ya ma viewport angapo, timawindo toonetsa drawing papepala, lembani REA. Kuti zisamabwererebwerere lembani VIEWRES, ikafunsa za fast zooms yankhani Y, kenako ikani nambala yaikulu. Imalola kuyambira 1 mpaka 20000, ndipo fayilo yatsopano imabwera ndi 1000. Nambalayi imasungidwa mu drawing momwemo, n'chifukwa chake fayilo yochokera kwa munthu wina, makamaka ya template yakalekale yokhala pa 100, imaoneka yonyansa pomwe zanu zili bwinobwino. Ine ndimaika 5000 basi. Pa laputopu yofooka 20000 ingokuchedwetsani.

Koma pachithunzi chanupo ndikuonanso mizere yowongoka ili ndi masitepe, ndipo imeneyo REGEN siichiza. Sikirini ndi timabokosi, mzere wopendekeka umadumpha kuchoka pa kabokosi kena kupita pa kena, ndiye graphics card ndi imene imasalaza m'mbalimo. Lembani GRAPHICSCONFIG, muone ngati Hardware Acceleration ili yoyatsa, kenako chongani Smooth line display. Kapena mungolemba LINESMOOTHING n'kuika 1. Mukapeza kuti sizikulola kudina, pitani ku Device Manager pa Display adapters. Pakalembedwa Microsoft Basic Display Adapter ndiye kuti driver palibe, katengeni pa webusaiti ya Intel, NVIDIA kapena AMD malinga ndi chimene chili m'makina mwanu. Malaputopu ambiri ali ndi ma graphics awiri, Intel ndi NVIDIA, ndipo Windows imakonda kupereka AutoCAD kwa wofookayo pofuna kusunga batire. Mu Settings, pa Display, pa Graphics, sankhani AutoCAD muiike pa High performance. Muonenso kuti resolution ili pa ija yolembedwa Recommended.

Zikakanikabe, dinani chozunguliracho n'kulemba LIST. Ikanena kuti CIRCLE kapena ARC, vuto ndi la maonekedwe basi. Ikanena kuti ndi polyline, mzere wolumikizalumikiza, ya mfundo zambirimbiri, makonawo ndi enieni, alimo mu drawing, ndipo adzatuluka ngakhale papepala. Zimachitika kwambiri ndi zochokera ku SketchUp, kumene circle imakhala ya mbali 24 ngati munthu sanasinthe, komanso ndi mapulani ena otengedwa ku PDF. Pamenepo palibe command ya matsenga, fufutani mujambulenso ndi ARC. Enanu a ma site plan samalaninso ndi ma coordinate a UTM, manambala a survey osonyeza malo pamapu. Kuno northing, nambala yolozera kumpoto, imapitirira 8,000,000, ndiye wina akaisandutsa mamilimita manambala amafika mabiliyoni, zinthu zimakhala kutali kwambiri ndi 0,0 ndipo ma arc ndi ma hatch amayamba kuoneka zachilendo. Nyumbayo ijambuleni pafupi ndi 0,0 mu fayilo yakeyake, muilowetse pa site ngati xref, kutanthauza fayilo yongolumikizidwa kuchokera kunja. Zosalaza za 3D ndi FACETRES, imabwera ili pa 0.5, mutha kuikweza mpaka 10.

Langizo langa, makina anu ogwirira ntchito asawagwire munthu wina aliyense, anyamata a m'mashopuwa mankhwala awo ndi amodzi, format. Komabe ngati za ma driver simuzidziwa, musalimbane nazo nokha usiku, mutha kudzuka sikirini ili bii. Pitani nayo kwa wokonza, koma mukhale pambali pake, maso pa zala zake, ma block ndi CTB mutakopera kale pa flash. Ndipo kunena zoona makona a pa sikirini asamakusowetseni tulo, plotter yosindikizira mapulani sitsatira VIEWRES, papepala circle yeniyeni imatuluka yosalala. Kungoti kwa kasitomala musadzayerekeze kutsegula AutoCAD. Tengani mapepala a A1 osindikiza, kapena PDF, ndipo PDF yakeyo mukweze Vector quality mu DWG To PDF musanapange plot, chifukwa nayo ikakhala yotsika imathyola ma arc. Mukapeza kandalama gulani laputopu ya graphics card yakeyake, zotchipazi zimangotizunza, ngakhale yanga ija ya Intel ndikugwiritsabe ntchito mpaka pano ndipo ikujambula bwinobwino.

Tayesani RE ndi GRAPHICSCONFIG, mutumize chithunzi china pompano, mutiuzenso AutoCAD yanu ndi ya chaka chanji, chifukwa m'zakale kwambiri Smooth line display mulibe.