Khadi ya ku banki musawasiyire achimwene anu

Akulu, inu msilikali mnzanga amene mukupita ku Congo kukasungitsa mtendere, khadi ya ku bankiyo musawasiyire achimwene anu, chonde. Ine ndinachita zomwezo mu 2023 popita ku Beni, kum'mawa kwa Congo, mpaka pano ndikakumbukira mutu umandiwawa. Abale anandikhalira pansi, amvekere mkazi ukamusiyira ndalama za ku Congo ukadzabwera udzapeza mawigi okhaokha. Ndinamvera. Khadi ndi PIN yomwe ndinapereka kwa achimwene anga aakulu, bere limodzi, kuti azipereka ya ndiwo kwa mayi a ana, azilipira lendi ku Area 25, yotsala azigula simenti ya pa puloti yanga ku Area 49.

Miyezi yoyamba zithunzi zinkabwera pa WhatsApp. Njerwa, mchenga, amisiri ali pa maziko. Kumeneko mtima pansi, ndikuti nyumba ikukwera.

Tsiku limene sindidzaliiwala tinali titangobwera ku patrol, masiku anayi m'nkhalango kusaka zigawenga za ADF, mvula osakata, mapazi atatuwa m'jombo. Inu mukudziwa kuti dera lomwelo ndi limene tinataya anzathu asanu ndi mmodzi mu Novembala 2018, ndiye ukatuluka wamoyo umangofuna kumva mawu a ana. Nditayatsa foni netiweki inagwira pang'ono, mavoisi khumi ndi awiri a mayi a ana. Akulira. Mwana wamng'ono ali ku chipatala, malungo afika poti akukomoka, ndalama ya mankhwala palibe. Lendi miyezi itatu sinalipidwe, alandilodi achotsa chitseko. Achimwene foni sakuyankha. Ndinaimba ine, inaitana mpaka kudula. Ndinaimbanso, yazimitsidwa. Ndinakhala pa thumba la mchenga mfuti ili pamiyendo, munthu wamkulu misozi chuchuchu, usiku womwewo ndili pa gadi. Amene anatipulumutsa ndi mkazi wa mnzanga wa ku Kamuzu Barracks, anatumiza pa Airtel Money, ina mayi a ana anakatenga ku banki mkhonde.

Zithunzi zija? Zinali za puloti ya eni ake. Yanga ndinaipeza ili thengo, matumba a simenti asanu ndi atatu ataumira m'khonde mwa achimwene. Ndalama anagulira minibasi yakutha yomwe inafera pa Mchesi, ina anakwatirira mkazi wachiwiri. Pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 iwo anapezerapo pothawira, akuti zinthu zinadula. Zinadula inde, koma kodi kwacha ndi imene inazimitsa foni mwana wanga ali pa diripi? Kumudzi ankhoswe ndi amalume akuti ndi magazi amodzi, zisafike ku polisi. Magazi amodzi ake ati? Mpaka lero pa maliro timangopatsana moni wa m'maso.

Ndiye inu chitani izi musananyamuke. Pitani ku banki mukasainire standing order, lendi ndi fizi zizipita zokha kwa eni ake tsiku la malipiro. Tsegulani akaunti ina yopanda khadi, alawansi izigona kumeneko, osaikhudza munthu. Fomu ya next of kin, ija yolembapo wachibale woti adziwitsidwe china chikakuchitikirani, muione bwino, ena mpaka pano pali dzina la bambo awo amene anamwalira kalekale, ndipo wilo lembani, si kudziitanira imfa ayi. Zomanga dikirani mudzabwere, ngakhale kunena zoona ndalama yongokhala mu kwacha imasungunuka, ndiye mwina malata ndi simenti gulani msanga, kaya.

Akazi anu apatseni khadi ya akaunti ya pakhomo, ndi amene ali ndi ana. Koma musawauze zonse zimene mukulandira, nawonso ali ndi abale awo. Ndipo mukati mumangebe muli konko, pa puloti pamafunikabe munthu wamwamuna woti aziwayang'ana amisiri, wachibale ndiye amakhala bwino, bola asakhale ngati wanga uja. Muziti akujambulireni vidiyo ataima pafupi ndi bikoni, nkhope ikuoneka.