Flat iron m'mawa uliwonse: yankho kwa achemwali amene tsitsi lawo lasiya kupotana

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Blantyre, ogwira ntchito ya mu ofesi. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Ndinasiya relaxer zaka ziwiri zapitazo, ndipo tsitsi langa lonse tsopano ndi lachilengedwe, lafika m'mapewa. Koma kuntchito ndimakonda likhale lowongoka. Ndinagula flat iron, ndimachapa tsitsi pakatha masabata awiri n'kuliwongola. Vuto ndi loti pofika tsiku lachiwiri limayamba kufufuma, ndiye m'mawa uliwonse ndimadutsitsamo flat iron pang'ono, makamaka kutsogoloku. Pano la kutsogololi ndikalichapa silikupotananso ngati kale, langokhala lendelende, ndipo nsonga zake zikuthothoka. Ndigule mafuta anji kuti lizikhala lowongoka nthawi zonse koma lathanzi?"

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyambe ndi kukukhumudwitsani: mafuta amene mukufunawo kulibe, ngakhale mutazungulira mashopu onse a ku Limbe. Chimene chikupha tsitsi lanu ndi "pang'ono" wa m'mawa uliwonse uja. Tsitsi lachilengedwe limatha kupirira kuwongoledwa ndi moto kamodzi, mwaluso, kenako n'kusiyidwa. Moto wa tsiku ndi tsiku ndiye silingaupirire, mafuta akhale odula chotani.

Tsitsi linapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin, yomweyo imene ili m'zikhadabo zanu. M'kati mwa tsitsi limodzi lililonse muli timaulusi ta keratin togwirana m'njira zingapo, koma ziwiri ndizo zikutikhudza pano. Kugwirana kwina n'kofooka: madzi akalowa kumamasuka, akatuluka kumagwiranso malinga ndi mmene tsitsilo laumira. Kwina n'kolimba, kwa sulfur, ndipo ndiko kumasunga kupotana kumene munabadwa nako. Relaxer amadula kolimbako, n'chifukwa chake tsitsi loikidwa mankhwala silibwerera. Flat iron yogwiritsidwa bwino imangosewera ndi kofooka kuja: imachotsa madzi, tsitsi n'kuuma lili chowongoka. Likangokumana ndi chinyezi, kaya cha mumpweya, cha thukuta kapena nthunzi ya m'bafa, limayamba kubwerera kwawo.

Ndiye kufufuma kwa tsiku lachiwiri kumene mukulimbana nakoko ndi chizindikiro choti tsitsilo lidakali lamoyo. Lomwe likundidetsa nkhawa ndi la kutsogolo limene lasiya kufufumalo. Kumeneko moto unapitirira, unafika pa puloteni yeniyeniyo n'kuisintha. Dzira likapsa silibwerera kukhala laliwisi, ndipo keratin ikapsa ndi chimodzimodzi. Palibe conditioner kapena mafuta a nsatsi amene angalibwezere kupotana.

Tsitsi lathuli lilinso ndi chibadwa chake. Mukaliona pa makina okulitsa zinthu, silili lobulungira ngati la amwenye, ndi lophwatalala pang'ono ndipo limapindika pafupipafupi. Pokhota paliponse ndi pofooka, mpamene limadukira. Mafuta achilengedwe ochokera pa khungu la m'mutu amavutikanso kutsetsereka m'makhotamo kuti akafike kunsonga, choncho nsonga zimakhala zouma kale moto usanazikhudze. La kutsogolo ndi la m'mbali mwa makutu ndiye lopyapyala kuposa lonse, ndipo ndi lomwelo limene mukulipsereza kasanu pa sabata. Onjezani apo kuti pofika tsiku lachinayi m'tsitsimo muli fumbi, thukuta ndi mafuta amene mwakhala mukudzola. Flat iron ikadutsa imaphikira zonsezo pa tsitsi. Kafungo kamene mumamva m'mawa kaja ndi kameneko.

Tsopano za tsiku lowongolalo. Ambiri amaganiza kuti luso lili pa flat iron, koma ntchito yaikulu imatha chitsulocho chisanalumikizidwe ku magetsi. Chapani tsitsi liyere ndithu, ndi shampu yochotsa mafuta onse akale, kawiri ngati n'kofunika. Amene mumatunga pa mjigo wa madzi amchere, dziwani kuti madzi otero amasiya zotsalira pa tsitsi zimene zimaliumitsa gwa. Ngati mungapeze madzi a pampopi kapena a mvula osungidwa bwino, tsukuluzirani amenewo. Kenako pakani conditioner wolemera, valani chipewa cha pulasitiki kapena jumbo yoyera kwa mphindi 20 kapena 30, ndipo pesani tsitsi conditioner adakali momwemo, ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kukwera kumizu. Chinyezi chimene tsitsi lidzadalire masabata awiri akubwerawo chimalowa pa nthawi imeneyi. Mukaliwongola simudzathanso kulithira madzi.

Mukatsukuluza, musalilemetse. Leave-in (conditioner wosatsukuluza) wopepuka pang'ono chabe, kenako heat protectant (mankhwala oteteza tsitsi ku moto), chigawo ndi chigawo. Potembenuza botolo yang'anani mayina ngati dimethicone kapena amodimethicone. Awa ndi ma silicone, amakuta tsitsi ndi kuchedwetsa kutentha kuti kusalowe mwadzidzidzi, komanso amatchinga chinyezi cha mumpweya. Ndikudziwa kuti m'magulu a tsitsi lachilengedwe pa Facebook ma silicone amanyozedwa kwambiri, koma pa tsiku la moto ine ndimawaikira kumbuyo. Shampu idzawachotsa pochapa. Heat protectant amachepetsa kuwonongeka, sathetsa. Ndipo mafuta a kokonati, a nsatsi kapena Vaseline sangalowe m'malo mwake. Kudzola mafuta ambiri kenako n'kupanikiza ndi chitsulo chamoto ndiko kumatulutsa utsi ndi kusiya tsitsi lonata, lolemera, losagwedezeka.

Apa mpamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri: flat iron isakhudze tsitsi lonyowa, ngakhale lachinyezi pang'ono. Madzi amawira pa madigiri 100, pamene flat iron imapitirira apo kutali. Madzi otsekeredwa m'kati mwa tsitsi amasanduka nthunzi, n'kutupitsa timatuza m'katimo, ndipo madokotala a khungu amatiwona timatuzati pa makina awo. Tsitsi lotero limaduka ukangolikhudza. Mukamva "tsss" chitsulo chikamadutsa, imani pomwepo, tsitsilo silinaume. Keratin yonyowa imapsanso pa kutentha kochepa kusiyana ndi youma.

Poumitsa, ambiri amagwiritsa dryer ya m'manja ya chipeso kutsogolo. Imagwira ntchito, koma mano akewo amakoka ndi kudula tsitsi ngati simunalipese bwino. Njira yofatsa ndi kugwira chigawo kunsonga, kuchikoka pang'ono kuti chiwongoke, n'kuyendetsa mphepo yofunda kuchokera kumizu kutsika, dryer ili patali pang'ono. Koma njira imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ya amayi athu, yomanga tsitsi ndi ulusi. Mukachapa Lachisanu madzulo, mangani ndi ulusi, ligone choncho mpaka liumiretu. Pomasula mupeza latambasuka kale popanda moto uliwonse, ndipo flat iron ingomalizitsa. Masiku amene magetsi athima, ulusi sudikira magetsi.

Za kutentha. Ma flat iron ambiri amafika madigiri 230, ndipo pamenepo ndi pafupi ndi pamene keratin youma imayambira kuwonongeka. Musafikeko. Tsitsi lopyapyala, lopakidwa dayi kapena lowonongeka kale, yambirani pa 150. Lokhuthala, lathanzi, lisapitirire 185. Kampani ya ghd inakhazika ma flat iron ake pa 185 pomwepo, osapereka n'komwe batani lokwezera. Ngati yanu ilibe posonyeza manambala, ili ndi "on" ndi "off" basi ndipo ndi yotchipa ya pamsika, simukudziwa moto umene mukuika m'mutu mwanu, ndipo ndalama imene mukanagulira mafuta odula aja ndi bwino ipite kogula ina. Amene munatumiziridwa kuchokera ku America kapena munatola pa kaunjika, onani zinthu ziwiri. Manambala ake angakhale a Fahrenheit: 300 ndi pafupifupi 150 yathu, 365 ndiye 185, ndipo 450 ndi 230 ija. Chachiwiri, magetsi a ku America ndi a 120V pamene athu ndi a 230V. Ngati pa chogwirira sipanalembedwe kuti imalandira onse awiri, musailumikize.

Gawani tsitsi tizigawo ting'onoting'ono, topyapyala moti mukatinyamula mutha kuona kuwala kudutsamo. Tsogozani chipeso cha mano othinana, flat iron izitsatira pambuyo pake, mosathamanga koma osaima pamalo amodzi. Dutsani kamodzi. Kawiri ngati pavuta, basi. Anthu amadutsa kasanu chifukwa anatenga chigawo chachikulu, moto n'kupsereza la pamwamba pamene la m'kati silinatenthe n'komwe. Inde zimatenga nthawi, mwina maola awiri. Ndi ntchito ya Loweruka, si ya m'mawa wa Lolemba minibasi ikukudikirani.

Pali ena amandifunsa za chipeso chachitsulo chowotcha pa mbaula, poti agogo athu ankachigwiritsa ndipo tsitsi lawo silinathe. Chipesochi chili ndi mbiri yaitali. Ku America chinafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kudzera mwa amayi amalonda ngati Madam C. J. Walker, ngakhale sindiye anachiyambitsa. Koma agogowo ankawotcha tsitsi pa Khirisimasi ndi paukwati, osati tsiku lililonse. Ndipo makala alibe batani. Mu 1968 madokotala a ku America analemba za dazi loyambira pa liwombo mwa amayi akuda, n'kulitcha dzina la chipeso chamotochi, poganiza kuti mafuta otentha otsikira pa khungu ndiwo ankalichititsa. Pambuyo pake zinadziwika kuti limagwiranso amayi amene sanachigwiritsepo, ndipo dzinalo linasinthidwa, koma chilonda cha moto pa khungu la m'mutu chikasiya chipsera, pamenepo tsitsi silimeranso. Ngati palibe kuchitira mwina, yesani chipesocho pa pepala loyera kaye. Likachita bii, dikirani chizizireko.

Mukawongola, flat iron ibwerere m'kabati mpaka tsiku lodzachapa n'kuwongolanso. Ntchito yatsala ndi yothawitsa tsitsi ku chinyezi. Usiku lipeseni mozungulira mutu kuti ligone bwino, mumange duku ya satini kapena silika. Ya thonje, ngakhale chitenje, imakhula tsitsi ndi kulifufumitsa. Posamba siyani duku m'mutu, muvale chipewa cha pulasitiki pamwamba pake, ndipo musamasule mpaka mutatuluka ndi kuuma thukuta. Pophika chimodzimodzi: nthunzi ya mphika wa nsima imakwanira kubweza tsitsi la kutsogolo lonse. Mafuta odzola akhale kadontho ka serum kunsonga. Chenjerani ndi mafuta a tsitsi amene glycerin kapena madzi zili koyambirira kwa mndandanda wa zopangira zake. Glycerin amakoka chinyezi cha mumpweya, n'chifukwa chake amatithandiza pakhungu m'nyengo yozizira, koma pa tsitsi lowongola amagwira ntchito yotsutsana ndi yanu.

Kumizu kukayamba kufufuma, pangani nako ubale. Mangani kumbuyo mosakoka, pindani ndi ma roller usiku kuti m'mawa likhale ndi mafunde, kapena lukani mizere iwiri ikuluikulu. Sabata yachiwiri tsitsi lowongola limakongola mwa mtundu wina, lodzadza, ndipo ku ofesi palibe adzakufunseni.

Kumbukiraninso kumene mukukhala. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mpweya umakhala wodzadza chinyezi, ndipo kuwongola tsitsi nthawi imeneyo n'kutaya maola anu. Ku Blantyre kuli vuto linanso, chiperoni cha Juni ndi Julayi, kamvula kowaza kaja kamene kamakupezani pa siteji. Okutobala ndi wa thukuta. Miyezi imene tsitsi lowongola limakhalitsa ndi Meyi, Ogasiti ndi Seputembala. Anzathu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay ndiye chinyezi cha nyanja chimawalanda tsitsi lowongoka msanga kuposa tonse. Mwa kuona kwanga, kamodzi pa mwezi ndiye malire, ndipo amene amasunga kupotana kwawo kwa zaka amawongola katatu kapena kanayi pa chaka.

Ngati mtima wanu uli pa tsitsi lowongoka chaka chonse, wigi yabwino pamwamba pa mizere yolukidwa mosakoka ikupatsani zimenezo tsitsi lanu likupuma. Wivi yosiya tsitsi lanu kutsogolo ayi, chifukwa mudzayambiranso kuwotcha lomwelo kuti lifanane ndi wiviyo. Ku saluni akakuuzani za mankhwala owongolera tsitsi otchedwa keratin treatment, funsani kuona botolo: ambiri mwa mankhwalawa amatulutsa formaldehyde akatenthedwa, mpweya umene umayabwa m'maso ndi pakhosi ndipo uli m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa.

La kutsogolo lowonongekalo lisiyeni miyezi itatu kapena kuposerapo osaona moto. Conditioner wa puloteni kamodzi pa mwezi amalilimbitsa kwa kanthawi kuti lisaduke msanga. Dulani nsonga zogawanika ndi sizasi yakuthwa, chifukwa mng'alu ukasiyidwa umakwera. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, choncho muzidula lendelendeyo pang'onopang'ono pamene latsopano likubwera, ndipo pobisa kusiyanako mutha kulipota usiku kuti lifanane ndi linzake. Koma mukaona kuti pa liwombo payamba kuyera, pakuyabwa, pakupweteka kapena pakutuluka tizilonda, imeneyo si nkhani ya saluni. Pitani akakuoneni a zakhungu ku chipatala cha Queens msanga, khungu lisanachite chipsera.