Kope la pa 1 Januwale

Achemwali, zimene mukunenazo, zolonjeza kulemba ndakatulo chaka chatsopano kenako dzanja n'kukana, zinandichitikira inenso, ndipo ndikazikumbuka mtima umawawabe. Ndinalumbira usiku wolowera chaka, ana akuphulitsa makombola panja, kuti ndakatulo imodzi tsiku lililonse, 365 pofika Disembala. Ndinagula kope lachikuto cholimba ku Limbe ndi mabolopeni awiri. Pofika pa 9 Januwale m'kopemo munali madeti okhaokha.

Koma sunali ulesi ayi. Kuli bambo wina, mlakatuli wodziwika ndithu, amene tonse tinkamulemekeza. Ndinamupatsa kope langa lakale, ndakatulo za zaka zinayi, kuti andithandize kukonza. Miyezi itatu zii, foni osayankha. Ndiye Loweruka lina ndili m'minibasi yopita ku Ndirande, ndapanikizika kumpando wakumbuyo, thumba la ufa pamiyendo, wailesi ikulira, ndinangomva mawu anga. Ndakatulo yomwe ndinalembera malemu mayi anga, ya chitenje chawo chimene chinatsala pachingwe tsiku la maliro mvula n'kuchinyowetsa, palibe wolimba mtima wochichotsa. Bambo uja anangosintha mutu ndi mzere womaliza basi. Mayi amene ndinakhala naye pampando anapukuta misozi, amvekere bambo ameneyu Mulungu anamupatsa luso. Pakamwa panga panauma gwa. Ndinalephera ngakhale kuuza kondakitala kuti nditsika, ndinapitirira siteji yanga mpaka kumsika, n'kubwerera wapansi ufa uli pamutu, ndikulira ngati mwana.

Nditakamufunsa, akuti mwana iwe, mawu alibe mwini. Munthu wamkulu, waimvi zake! Kuba maliro a mayi a mnzako n'kumakaomberedwa nawo m'manja! Mpaka lero akumaitanidwa m'maukwati ndi m'misonkhano, ndikamuona pa Facebook ndimangodutsitsa msanga. Kuchokera tsiku limenelo dzanja linauma zaka ziwiri. Ndikagwira bolopeni ndinkangoona nkhope yake.

Ndinkadzidzudzula kuti mlakatuli Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu, koma ankapekabe ndakatulo m'mutu, nanga ine wokhala ndi kope ndi nyali ndikulephera chiyani? Kudziyerekeza kumeneko kunangondifooketsa kwambiri.

Mawu anabwerera okha mu Malichi 2023, namondwe Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe. Tinapita kukathandiza kukumba matope ndi makasu. Ndinaona nsapato imodzi yamwana, yapulasitiki, itakodwa pamuzu. Madzulo ake ndinalemba mizere inayi kuseri kwa lisiti, manja akunjenjemera. Kope la ku Limbe lija silinali pafupi n'komwe.

Ndiye musadziikire nambala, achemwali, ndakatulo siziwerengedwa ngati matumba a chimanga. Komanso Januwale ndi mwezi wa fizi ndi njala, mutu umakhala uli kwina. Komabe musangodikira ngati ine, zaka ziwiri n'zambiri. Muzikhala pansi tsiku lililonse, kaya mphindi khumi, mulembe zomwe mwamva pachigayo kapena pampopi, zoipa zomwezo, musafufute. Kope lanu musapatse munthu, ngakhale akhale wotchuka bwanji. Koma pezani mnzanu mmodzi woti muzimuwerengera mokweza, chifukwa ndakatulo yathu imamveka kukoma ikatuluka pakamwa. Ndipo tsamba lililonse muzilijambula pafoni deti likuoneka, ine ndikanachita zimenezo bambo uja sakanandiyankha choncho.