Mafunso ndi Mayankho: Kodi Zaluso Zikumuchotsa Mwana Wanga pa Sayansi?

FUNSO

Akonzi, mwana wanga wachisamba ndi wamkazi, ndipo ali Fomu 3 pa sukulu ina ya atsikana yogonera komweko. Kuyambira ku pulayimale wakhala akukhoza bwino masamu, choncho ine ndi amayi ake timayembekeza kuti adzaphunzira uinjiniya kapena udokotala. Atabwera ku tchuthi anatiuza kuti aphunzitsi a sayansi ndi a zaluso ayamba kugwirira ntchito limodzi, moti masana ena atsikana amaumba, kujambula, kupanga zoimbira ndi kukonza mapatani a nsalu pa kompyuta, ati zonsezo ndi mbali ya sayansi. Fizi ndimalipira movutikira, ndipo MSCE alemba chaka chamawa. Kodi kumeneku si kutaya nthawi? Ndimuletse?

Bambo wodera nkhawa, Dedza

YANKHO

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Nkhawa yanu ndi yomveka, pakuti kholo limene limagulitsa mbewu kuti mwana akhale pa sukulu lili ndi ufulu wofunsa momwe nthawi ya mwanayo ikugwiritsidwira ntchito. Komabe ndikupemphani kuti musamuletse, koma muyambe mwafufuza bwino chimene chikuchitika masana amenewo, chifukwa kuphatikiza sayansi ndi zaluso kukhoza kumuthandiza kwambiri mwana wanu kukachitidwa moyenera, ndipo kukhoza kungokhala masewera kukachitidwa mwachisawawa.

Kaphunzitsidwe kameneka m'maiko ambiri akukatchula kuti STEAM, ndipo cholinga chake n'chakuti sayansi, luso lamakono, uinjiniya ndi masamu ziziphunzitsidwa pamodzi ndi zaluso. Si kachilendo kuno kwathu. Sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014 kuti iphunzitse sayansi, ili ndi nthambi ya Bingu School of Culture and Heritage yomwe imaphunzitsa za chikhalidwe ndi nyimbo za mu Africa, pa malo omwewo pamene ena akuphunzira uinjiniya. Mu 2017 sukulu yomweyi inalandira atsikana a ku sekondale ochokera ku Malawi, maiko ena a mu Africa ndi ku America pa maphunziro apadera otchedwa WiSci Girls STEAM Camp. Aphunzitsi a mwana wanu akutsata njira imene ngakhale sukulu zapamwamba zaiona kuti ndi yaphindu.

Phindu lakelo limaoneka bwino tikatenga zinthu zimene mwana wanu watchula. Mtsikana akhoza kuloweza kuti liwu limakwera chinthu chikamanjenjemera mofulumira, n'kulemba zimenezo pa mayeso osazimvetsa. Koma akamanga nsambo pa thabwa monga zimakhalira pa bangwe, n'kuyeza utali wake ndi lula, adzapeza yekha kuti akadinikiza nsamboyo pakati penipeni imanjenjemera kawiri kuposa poyamba ndipo liwu limakwera mwadongosolo. Adzamvetsanso chifukwa chimene oimba amawambira ng'oma pamoto kuti chikopa chikungike ndi kulira mokweza, ndiponso chifukwa chimene amamatira phula pakati pake kuti ilire mozama. Zikho zimene amamangirira pansi pa ulimba wa ku Chigwa cha Shire zimasiyana kukula mogwirizana ndi liwu la thabwa lililonse, ndipo imeneyi ndi Fizikisi yeniyeni imene MANEB imafunsa pa mutu wa mafunde ndi mawu. Mapatani a pa chitenje, pa mkeka ndi pa lichero nawonso ali ndi masamu a kutembenuza, kuzunguza ndi kusuntha zithunzi, omwe ali mu silabasi ya ku sekondale. Katswiri wa masamu Paulus Gerdes, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Mozambique, analemba mabuku ofotokoza masamu opezeka m'zikwama zimene amayi a ku Inhambane amaluka.

Popeza mwalemba kuchokera ku Dedza, chitsanzo china muli nacho pafupi. Zojambula za pa miyala za ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 2006, zili pa malo 127, ndipo zina mwa zoyera zinajambulidwa ndi amayi a Chichewa pophunzitsa atsikana pa chinamwali. Mwana amene wafunsidwa kuti afufuze chifukwa chimene utoto wofiira, wochokera ku dothi lokhala ndi chitsulo, wakhalitsira pa thanthwe kwa zaka zambirimbiri, akuphunzira Kemisitiri ndi mbiri ya makolo ake nthawi imodzi.

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi ilili yofunika makamaka pa sukulu ya atsikana. Atsikana ambiri amasiya sayansi chifukwa anakula akumva kuti masamu ndi zitsulo n'za anyamata, pamene kusoka, kuumba ndi kuimba n'zawo. Mphunzitsi akayambira pa chimene mtsikana amachidziwa kale ndi manja ake, n'kumuonetsa kuti mkati mwake muli sayansi, mantha aja amachepa ndipo amayamba kufunsa mafunso m'kalasi. Ada Lovelace wa ku England, amene ambiri amamutcha munthu woyamba kulemba ndondomeko ya malangizo a makina owerengera, anali mwana wa mlakatuli Lord Byron, ndipo amayi ake anamukakamiza masamu kuti asatengere bambo ake. Komatu mu 1843, pofotokoza makina owerengera amene katswiri wa masamu Charles Babbage ankakonza, iye anawayerekeza ndi makina owombera nsalu a Jacquard, amene ankayendetsedwa ndi makadi obowolabowola, ndipo anaoneratu kuti makina otere akhoza kudzapeka nyimbo. Anatha kuona patali chotere chifukwa ankadziwa nyimbo pamodzi ndi masamu.

Ntchito zimene mukumufunira mwana wanu nazonso zimalira luso limeneli. Injiniya amajambula chinthu asanachimange, ndipo ayenera kuchiona m'maganizo mbali zonse. Wophunzira udokotala amajambula ziwalo za thupi ndi zimene akuona pa maikulosikopu, ndipo dokotala wa opaleshoni amadalira zala zozolowera ntchito yosamalitsa.

Tsopano ndinene mbali imene muyenera kukhala tcheru. Mapointi a MSCE amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro a uinjiniya ndi udokotala amafuna makiredi abwino a masamu ndi a sayansi. Palibe chojambula chokongola chimene chingalowe m'malo mwa zimenezi. Choncho mukapita ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, mukafunse ngati ntchitozi zikutenga nthawi ya maphunziro a mu labotale kapena zikuchitika pa nthawi yapadera. Mukapemphenso kuona kope la mwana wanu. Mukapezamo miyeso, mawerengero, magirafu ndi kufotokoza chimene chinalephereka ndi chifukwa chake, dziwani kuti akuphunzira. Mukapeza kuti amangokongoletsa zinthu popanda kuyeza kapena kuwerengera kalikonse, muli ndi chifukwa chokwanira choyankhulira ndi ahedi mwaulemu. Lipoti la teremu ino ndi ya mawa lidzakuuzaninso ngati magiredi a masamu ndi Fizikisi akukwera kapena akutsika, ndipo n'kwabwino kumufunsa mwanayo kuti akufotokozereni yekha sayansi imene ili m'chinthu chimodzi chimene wapanga.

FUNSO

Ndine mphunzitsi wa Kemisitiri pa sukulu ya atsikana ya kumudzi. Makompyuta tili nawo ochepa ndipo magetsi amathimathima. Kodi kaphunzitsidwe kotere n'kotheka kwa ife?

Mphunzitsi, Mchinji

YANKHO

N'kotheka aphunzitsi, ndipo poyambira pabwino ndi pa zinthu zimene atsikana anu angabwere nazo kuchokera kunyumba. Madzi owiritsira chidede amafiira kwambiri mukathiramo mandimu, ndipo amasintha n'kumaoneka obiriwira moderako mukathiramo chidulo, choncho muli ndi chida choyezera asidi ndi alikali chosagula m'sitolo. Atsikana akhoza kunyika tinsalu toyera m'madzi amenewa, kulemba kuchuluka kwa chilichonse chimene athira, ndi kuyerekeza mitundu imene yatuluka asanachape ndi atachapa. Kuumba nakonso kumaphunzitsa kusiyana kwa kusintha kobwezeka ndi kosabwezeka, pakuti dongo louma padzuwa limafewanso likanyowa, pamene lowotcha silibwereranso kukhala dongo.

Pa makompyuta ochepawo, pulogalamu ya Scratch, yophunzitsa ana kulemba malangizo a kompyuta, imene inapangidwa ku sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, ndi yaulere ndipo ikaikidwa pa makina imagwira ntchito popanda intaneti. Atsikana atatu kapena anayi akhoza kuyamba ajambula patani ya chitenje pa pepala la magirafu, kulemba malangizo ake ndi pensulo, ndipo magetsi akayaka n'kungokayesa ngati kompyuta itulutse chimene amayembekeza. Musanayambe, khalani pansi ndi mphunzitsi wa zaluso kapena wa zosoka ndi wa masamu, masilabasi anu ali pa tebulo, musankhe mutu umodzi wokha wa teremu ino umene nonse mukuuphunzitsa kale, ndipo mugwirizane amene adzachonge gawo lililonse la ntchitoyo.