Chifukwa chake Atchaina sanamasulire mawu oti nirvana

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene Atchaina anangotengera mawu a Chibuda oti "nirvana" (kutheratu kwa zilakolako ndi mavuto) n'kumati "niepan" m'malo mowamasulira. Kuyesa anayesa ndithu. Omasulira oyambirira anabwereka mawu a chiphunzitso cha Dao oti "wuwei", kutanthauza kusachita zinthu mokakamiza. Koma owerenga ankangomva ngati n'chiphunzitso chawo chakale chomwe chija changovala malaya atsopano, ndiye mawuwo anatayidwa.

Mmonke wachibuda Kumarajiva atafika mumzinda wa Chang'an ku China mu 401, ntchito yomasulira mabuku a Chibuda inkachitika pagulu: iye atagwira buku la Chisansikiriti (chilankhulo chakale cha ku India) akumasulira pakamwa, amonke ena akulemba, ena akufunsa pomwe sipakumveka. Zobwerezabwereza ankazidula kuti Chitchainacho chikome.

Xuanzang, mmonke wa ku China amene anabwerera kwawo kuchokera ku India mu 645 ndi mabuku 657, anali wokhwimitsa zinthu. Kwa iyeyu ndi kumene amati kunachokera mitundu isanu ya mawu osayenera kumasuliridwa. Ena ndi mawu amatanthauzo ambiri, ena ndi mayina a zinthu zosapezeka ku China, monga mtengo wa jambu. Pa mawu osamasuliridwawa, chimene chimandigwira mtima ine ndi "prajna", kumvetsa kozama kwa Chibuda: ukangoti "nzeru", mawuwo amapepuka, ngati ukunena za mwana wokhoza masamu m'kalasi.