Timu yamutaya bondo lili lovulala: asasaine kalata yosiyana mogwirizana

Bambo wina wa ku Lilongwe walemba za mng'ono wake, womwetsa zigoli mu timu ina ya mu ligi yaikulu ya dziko lino. Mnyamatayo anasaina kontrakiti ya zaka zitatu ndipo ili pakati. Bondo lakhala likumuvuta, ndipo ulendo womaliza anavulala pa masewero a ligi. Timu yalengeza kuti yasiyana naye. Masapota agawanika: ena akuti timu yachita bwino chifukwa ankangodya malipiro ali pa benchi, ena akuti ndi nkhanza kutaya munthu amene anavulalira mu yunifomu yawo. Tsopano mlembi wa timu wamuitana kuti akasaine kalata yoti asiyana mogwirizana, kuti alandire malipiro a miyezi iwiri ndi kiliyarensi, chikalata chomumasula kuti akalembetse ku timu ina. Amalume ake akuti asaine msanga. Funso ndi lakuti: kodi timu ili ndi ufulu wochotsa wosewera chifukwa amavulalavulala?

Bambo, zomwe akukangana masapota m'maminibasi ndi pa wailesi zisiyeni kaye. Kaya mng'ono wanu wamwetsa zigoli zingati, kaya wakhala panja masewero angati, woweruza sadzayambira pamenepo. Adzayambira pa mapepala, ndipo pepala loopsa kwambiri pa nkhani yonseyi ndi lomwe akumuitanira ku ofesiko. Asasaine.

Ndiyambe ndi funso lanu, mwachidule. Wosewera amene ali ndi kontrakiti ndipo amalandira malipiro ndi wantchito, ndipo lamulo la za ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limamuteteza. Gawo 57 la lamuloli likuti munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho chikukhudza kagwiridwe kake ka ntchito kapena khalidwe lake, ayenera kupatsidwa kaye mpata woti adziyankhire. Gawo lomwelo limatchula zifukwa zomwe sizivomerezeka, ndipo china mwa izo ndi kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala. Kumbali ya mpira, malamulo a FIFA okhudza osewera ndi kusintha matimu akuti kontrakiti imatha pokhapokha nthawi yake ikakwana, kapena mbali ziwiri zikagwirizana, kapena pakakhala chifukwa chachikulu. Mabwalo a zampira, kuphatikizapo CAS, bwalo lalikulu la milandu ya zamasewero lomwe lili ku Lausanne m'dziko la Switzerland, akhala akugamula kuti kuvulala pa mpira si chifukwa chachikulu choterocho. Kuvulala ndi mbali ya ntchitoyi, ndipo timu imadziwa zimenezi tsiku lomwe ikusainitsa munthu. Ngakhale timu itanena kuti anabwera ndi bondo lovulala kale, ndime 18 ya malamulo a FIFA ikuti timu singamangirire kontrakiti pa zotsatira za chipatala. Imayenera kumupima isanamusainitse.

Akuluakulu a timuyo zonsezi akuzidziwa. N'chifukwa chake sanamupatse kalata yomuchotsa ntchito. Akufuna kuti iye mwini aike dzanja pa pepala lonena kuti wavomera kupita.

Apa ndi pomwe ndaona milandu yabwino ikufera. Lero, mng'ono wanu ndi munthu amene timu yamutaya kontrakiti isanathe, ndipo malinga ndi gawo 61 la Employment Act, ndi timuyo imene iyenera kupereka chifukwa ndi kutsimikizira kuti inachita mwachilungamo. Mawa akasaina, zinthu zatembenuka. Sanachotsedwe, anagwirizana. Katundu yense wa umboni wasamukira pa mutu pake, ndipo kuti afafanize siginecha yake ayenera kutsimikizira kuti anamukakamiza kapena kumunamiza. Zimenezo n'zovuta kwambiri. Kunena kuti "ndinalibe ndalama ya renti" kapena "anandiuza kuti ndikakana sandipatsa kiliyarensi" n'zoona zomwe aliyense angamve nazo chisoni, koma zinanenedwa pakamwa, mu ofesi yotseka, pamaso pa anthu a timu okhaokha. Tsiku la mlandu onsewo adzati mnyamatayo anasaina akumwetulira.

Muiwerenge bwino kalatayo ngati angakupatseni. Kawirikawiri imakhala ya tsamba limodzi, m'Chingerezi, ndipo penapake pamakhala mawu akuti mutual consent ndi full and final settlement. Mawu omalizawa akutanthauza kuti akalandira miyezi iwiriyo, watseka pakamwa pake pa chilichonse: malipiro a miyezi yotsala ya kontrakiti, ndalama yosainira ngati sinamalizidwe, mabonasi a masewero amene sanaperekedwe, ndipo timu idzayesa kunena kuti ngakhale za chipatala zili momwemo. Werengani nokha. Ngati kontrakiti yatsala ndi miyezi 18 ndipo akumupatsa iwiri, akusiya miyezi 16 pa tebulo, bondo lisanachire, timu ina isanamufune.

Ndipo kiliyarensi yomwe akumunyengerera nayo ingathe kukhala yopanda ntchito pakali pano. Malamulo a FIFA amalola wosewera amene wasiyana ndi timu mogwirizana kulembetsedwa kunja kwa nthawi ya msika wa osewera pokhapokha ngati kusiyanako kunachitika msikawo usanatsekedwe. Akasaina msika utatsekedwa kale, angathe kukhala pakhomo mpaka utatsegulidwanso, wopanda timu, wopanda malipiro, wopanda dokotala wa timu. Mufunse ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, masiku a msika musanamve zokoma za mlembiyo.

Amalume ndikuwamva. Akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndiponso kuti kukangana ndi mabwana a mpira kumatseketsa zitseko. Koma amalume sadzalipira opaleshoni ya bondo. Zimandikwiyitsa kuona achibale, amene pa tsiku losaina anali patsogolo kujambulitsa zithunzi, akukankhira mwana kuti asaine pepala lomwe iwo eni sanaliwerenge. Kusiyana mogwirizana pakokha si koipa, ndipo nthawi zambiri ndi komwe nkhanizi zimathera. Koma kumachitika munthu atadziwa zomwe akusiya, atakambirana za mtengo, ndipo nkhani ya chipatala italembedwa payokha. Mng'ono wanu auze mlembiyo kuti akufuna kupita nayo kalatayo kunyumba akaiwerenge ndi womuthandiza. Akakana kumupatsa, mwadziwa kale kuti muli chiyani.

Tsopano za zotsatira, ndipo apa ndisamale. Sindinaione kontrakitiyo. Ngati muli ndime yolola timu kuithetsa wosewera akakhala panja kwa nthawi yakutiyakuti, timu idzaima pamenepo. Mabwalo a zampira sakonda ndime zokomera mbali imodzi ngati zimenezi, koma sindingalonjeze kuti woweruza wa nkhani yanu adzaitaya. Ngati madokotala anena kuti sadzaseweranso, nkhani ikusintha, chifukwa sikulinso kujomba kwa kanthawi, ngakhale timu imayenerabe kumumva kaye isanachite chilichonse. Za ndalama nazonso musayembekezere zambiri msangamsanga. Kumbali ya mpira amayambira pa malipiro a nthawi yotsala, kenako amachotsapo zomwe walandira ku timu yatsopano ngati wapeza. Kumbali ya Employment Act, gawo 63 limapatsa khoti mphamvu yogamula chipukuta misozi chomwe laona kuti n'choyenera, ndipo chochepetsetsa kwa amene wagwira zaka zosapitirira zisanu ndi malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse. Khoti lingapereke zoposa pamenepo, koma si lamulo kuti litero. Kuwina mlandu ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziwirinso, makamaka ngati timuyo ikuvutika kale kulipira osewera ake.

Chenjezo limodzi: ngati akusewera mu timu ya asilikali kapena ya apolisi ndipo analembedwa usilikali kapena upolisi, lamulo la Employment Act silimukhudza, ndipo njira yake ndi ina. Zomwe ndalembazi ndi za wosewera wamba.

Zoti muchite sabata ino ndi izi. Pezani kope ya kontrakiti. Osewera ambiri alibe yawo, chifukwa akuluakulu amatenga makope onse n'kunena kuti "tikupatsa mawa", chizolowezi chomwe chinayenera kutha kalekale. Akakana, funsani ku FAM kapena ku SULOM, bungwe loyendetsa ligi yaikulu. Muone tsiku lomwe ikutha, chifukwa kontrakiti yomwe nthawi yake yakwana imatha yokha ndipo pamenepo palibe mlandu wa kuchotsedwa.

Mng'ono wanu alembe kalata yaifupi kwa mlembi wa timu, yonena kuti wamva chilengezocho, sanavomere kusiyana, ndipo akupempha timu imuuze polemba ngati yamuchotsa komanso chifukwa chake. Wolandira asaine pa kope yanu. Mpaka atayankhidwa polemba, azipitabe ku malo ophunzitsira kapena kwa dokotala wa timu monga mwa nthawi zonse, ndipo akamubweza pa geti, alembe tsiku ndi amene anaona. Akangokhala pakhomo, timu idzati anathawa ntchito.

Sungani chilengezo cha timucho, chifukwa chikusonyeza kuti anaganiza zomutaya iye asanasaine kalikonse. Sungani mauthenga a pa WhatsApp, makalata a kuchipatala, zithunzi za bondo, malisiti, ndi umboni wa malipiro. Ndalama iliyonse yomwe angamutumizire, alembe kuti wailandira ngati malipiro ake, osati ngati kutseka nkhani. Ndipo asayankhe masapota pa wailesi, ngakhale amunyoze bwanji, chifukwa mawu amodzi onyoza akuluakulu adzasanduka mlandu wa khalidwe.

Nthawi ikuthamanga. Gawo 62 limapereka miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti akadandaule kwa mkulu wa ofesi ya leba ya boma lanu, ndipo akalephera kuyanjanitsa pa mwezi umodzi, nkhani ingapite ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya ntchito. Musalole kuti "tikambirana ligi ikatha" idye miyezi imeneyi. Muwerenge kuyambira tsiku la chilengezo kuti musachedwe. Njira ya mpira nayo ilipo, kudzera ku komiti ya FAM yoona za osewera, ndipo bungwe la Football Players Association lingamuthandize kukonza dandaulo. Akamuopseza kuti kupita ku khoti kumuletsetsa mpira, dziwani kuti ndime 22 ya malamulo a FIFA omwewo imasiya poyera ufulu wa wosewera wopita ku khoti la dziko pa nkhani za ntchito. Koma musatsegule njira ziwiri nthawi imodzi musanaonetse kontrakitiyo kwa loya, chifukwa mwina ikutchula komwe mikangano iyenera kuyambira. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau.

Za bondo lenilenilo ndi dandaulo lapadera pansi pa Workers' Compensation Act, lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito, popeza anavulalira pa ntchito. Mukafika ku ofesi ya leba, mufunse ngati timu inapereka lipoti la kuvulalako, ndipo ngati sinapereke, mulembetse tsiku lomwelo mutanyamula makalata a kuchipatala.